Mutu 5: Mimba Yopanda Mwana

1. Dzanja lokwezedwa katatu

Lolemba limenelo Millicent sanalawe kanthu m'mawa. Anachita dala. Mayeso oyeserera a Fomu 4 anali kuyamba, ndipo iye ankaganiza kuti mimba yopanda kanthu singamuvutitse.

Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wa m'mudzi wina kwa Zulu. Tsiku lililonse ankapalasa njinga kupita kusukulu ya sekondale yoyendera, kufupi ndi pa Kamwendo. M'kalasi mwawo panalibe womuposa pa Bayoloje. Chimene chinkamukanika ndi mimba yake.

Vutoli linayamba ali Fomu 2. M'mimba munkapotokola, mimba n'kufufuma ngati chubu chopopedwa, kenako ankatsekula m'mimba masiku awiri kapena atatu. Nthawi zina zinkatembenuka, n'kukhala sabata yathunthu osachita chimbudzi. Kuchipatala cha paboma anamuyeza magazi, chimbudzi ndi mkodzo, koma sanapeze kachilombo kalikonse. Dokotala analemba zilembo zitatu m'buku lake la kuchipatala, IBS, n'kumuuza kuti ali ndi matumbo osachedwa kukwiya. Bukulo Millicent analibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Kusukulu panalibe ankadziwa.

Pepala la Bayoloje linayamba 8 koloko. Woyang'anira anali a Dickson, mphunzitsi wa Masamu, munthu wosaseka ndi ana.

"Mukangoyamba kulemba, palibe wotuluka mpaka nthawi itakwana," anatero.

Funso loyamba linapita bwino. Lachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa lachinayi, Millicent anamva ngati wina wamugwira matumbo n'kuyamba kuwafinya monga amafinyira chovala chochapa. Thukuta linatsika kumsana, chonsecho kunja kunali kamphepo kozizira ka mwezi wa Meyi.

Anakweza dzanja.

"Sala, ndikupempha ndituluke pang'ono."

"Lemba mayeso," anatero a Dickson, osamuyang'ana n'komwe.

Analuma mano. Anamasula batani la siketi pansi pa desiki. M'mimba munalira mokweza mwakuti woyandikana naye anatembenuka n'kudzitseka pakamwa.

Anakwezanso dzanja.

"Iwe, chimbudzi wachikumbukira pano? M'mawa wonse unali kuti?"

Kalasi inaseka motsitsa.

Kachitatu anakweza dzanja ataimirira kale.

"Sala, sindingathenso kudikira."

"Ukangodutsa pakhomopo, pepala lako lathera pomwepo. Sankha."

Panalibe chosankha. Anatuluka akuthamanga chowerama, dzanja lili pamimba.

Anakhala kuchimbudzi mphindi makumi awiri. Pobwerera anapeza a Dickson ataima pakhomo ndi pepala lake m'manja. Anali atalidula mzere wofiira kuchokera pakona kufika pakona.

"Dikira panja."

Anadikira ola lathunthu pansi pa mtengo, akumva anzake akutembenuza mapepala a mafunso amene iye ankawadziwa mayankho ake onse.

Belu litalira, ana anatuluka m'chigulu. Patsogolo panali Sheila, mtsikana wa pakamwa pakuthwa, amene ankakhala wachiwiri kwa Millicent pa mayeso alionse.

"Musiyeni mnzathuyu," anatero Sheila mokweza kuti aliyense amve. "Zimatero miyezi yoyambirira. Asisi anga ankathamanganso chonchi. Taonani batani la siketi, lakana kale kutseka."

Millicent anadziyang'ana. Anali ataiwala kumanga batani lija, ndipo mimba inali itafufuma pansi pa bulauzi.

Sanadziwe kuti wafika bwanji pamene panali Sheila. Anangoona dzanja lake litagwira kolala ya mnzakeyo, nsalu ikung'ambika, ana akukuwa.

2. Ku ofesi ya Madamu Stella

Madamu Stella anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo nkhani zonse za atsikana zinkathera pa tebulo lawo. Anamvetsera mbali ya Sheila, n'kumuuza kuti atuluke. Kenako anavula magalasi.

"Millicent, ine ndaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo maso angawa aona zambiri. Ndakhala ndikukuona kuyambira teremu yatha. M'mawa sudya. Masana mimba imakhala itatupa. Pa phunziro limodzi umatuluka kawiri. Lero wang'amba malaya a mnzako chifukwa wanena poyera zimene ena akunong'ona. Mwana wanga, mimba sibisika. Ukaibisa mwezi uno, mwezi wamawa idzadziulula yokha. Atsikana obisa ndi amene amakamwa zinthu zoopsa kuseri, ndipo ena tinawaika m'manda yunifolomu yawo ikadali yatsopano. Sindikufuna kuti iwe ukhale m'gulu limenelo. Ndiuze zoona. Malamulo amalola kuti ukabereka udzabwerere kusukulu. Koma bodza ine sindilandira."

Mawu anali pamlomo penipeni. Akanangoti, "Madamu, ndimadwala," nkhani ikanayamba kuwongoka.

Koma nthawi yomweyo a Dickson analowa kudzasiya mapepala a mayeso, n'kuima pambali osatulukanso. Pawindo panali mitu itatu ya ana osuzumira. Kuti anene za chimbudzi chake pamaso pa anthu onsewa? Millicent anameza mawu aja.

"Ndilibe chonena."

"Ndiye kuti ndi zoona?"

"Ganizani zimene mukufuna, Madamu. Mwaganiza kale."

"Taonani mwano wake," anatero a Dickson.

Millicent anawatembenukira, maso ali psuu.

"Ndinakweza dzanja katatu, Sala. Katatu! Mumafuna ndidziipitsire m'kalasi kuti mukhulupirire?"

"Basi!" Madamu Stella anamenya tebulo. "Mawa ubwere ndi makolo ako 7 koloko. Popanda iwo usalowe m'kalasi."

Millicent anatuluka n'kumenyetsa chitseko mwakuti kalendala ya pakhoma inagwa.

3. Pachiwaya

Sanakhote njira ya kumudzi. Anapalasa molunjika pa Kamwendo, akutukwana chamumtima maminibasi amene ankamuimbira hutala.

Kuseri kwa siteji kunali chiwaya cha tchipisi. Kwa chaka chathunthu Millicent ankangodutsa pamenepo akumeza malovu, chifukwa ankadziwa zimene mafuta amamuchita. Lero anatsika njinga.

"Tchipisi. Muthire kabichi wambiri, anyezi ndi tsabola."

Anagulanso chakumwa cha gasi chozizira. Anadya ataimirira, mofulumira, ngati akumenyana ndi mbaleyo. Ngati mimba ikufuna nkhondo, iipeze.

"Zikukoma?"

Anatembenuka. Kumbuyo kwake kunali Anesi Consolata, a pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi pamenepo, atanyamula jumbo ya tomato. Anali mayi wa ku Zomba, wamfupi, wolankhula mosazungulira. Ndi iwo amene anamutumiza kuboma kukayezetsa, ndipo ndi iwo ankamuona akabwera ndi ululu.

"Zikukoma kwambiri," anayankha Millicent, n'kuponya tchipisi china m'kamwa.

"Chabwino. Ine ndikugula masamba apa. Ukandifuna undipeza."

Sipanathe theka la ola. Millicent anali atangokankha njinga kufika pamsewu pamene ululu unamupinda pakati. Njinga inagwa. Anthu a kabaza anayamba kusonkhana.

Anesi anafika osathamanga. Anadzutsa njinga, n'kumugwira mkono.

"Kwathu ndi pafupi. Yenda pang'onopang'ono. Upume mozama."

Nyumba yawo inali kuseri kwa chipatala. Millicent analowa kuchimbudzi katatu. Atatha mphamvu, anagona pamphasa pakhonde. Anesi anathira madzi otentha m'botolo, n'kulikulunga ndi chitenje, n'kumuika pamimba. Kenako anamufunsa chimene chachitika. Iye anafotokoza zonse, kuyambira pa dzanja mpaka pa chitseko cha ofesi.

"Tamvera, Millicent," anatero Anesi. "Sindikunyengerera, chifukwa sindiwe khanda. Matenda akowa sapha, koma satheranso pa jekeseni imodzi. Adzakhala nawe zaka, nthawi zina atagona, nthawi zina atadzuka. Lero walakwitsa kawiri. M'mawa wapita ku mayeso ndi njala. Njala ikakumana ndi mantha a mayeso, matumbo amadzuka kuposa mmene akanachitira utamwa kaphala pang'ono. Masana wawathira mafuta, anyezi, tsabola ndi gasi nthawi imodzi. Tsono undiuze, walanga ndani? Aphunzitsi ako adya bwinobwino kwawo. Sheila akuseka ndi anzake. Amene wagona pamphasa yanga ndi iwe. Kaya kabuku kaja ndinakuuza kuti uzilembamo zimene wadya ndi mmene mimba yachitira kali kuti?"

"Ndinasiya."

"Chifukwa?"

"Ndinatopa!" Millicent anadzuka, botolo n'kugubuduka. "Anzanga amadya chilichonse. Nyemba amadya, mandazi amadya, tiyi wa mkaka amamwa. Ine ndiye ndiziwerenga chilichonse cholowa m'kamwa ngati nkhalamba? Ndikafika pamalo, choyamba kufunafuna ndi chimbudzi. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Paminibasi ndimaopa kukwera. Ndinalakwa chiyani ine?"

Anesi anatola botolo lija n'kumubwezera.

"Sunalakwe kanthu. Ndipo kukwiya sindikukuletsa, ndikanakhala ine ndikanakwiyanso. Koma dziwa kuti kwa iwe mkwiyo sukhala m'mutu mokha, umatsikira m'matumbo. Ndiye uchite izi. Uzidya pang'ono koma pafupipafupi, osalumpha chakudya. Phala, mbatata yophika, nthochi, zimene unaona kale kuti zimakuyanja. Madzi uzimwa ambiri, makamaka ukatsekula chonchi. Kabuku kaja ukayambirenso, chifukwa mimba yako si ya mnzako, ndipo amene angaidziwe bwino ndi iwe. Ululu ukayamba, usaumitse thupi. Kokera mpweya mpaka pamimba, uutulutse pang'onopang'ono. Mapiritsi oletsa kupotokola amene adokotala anakulembera alipo, ubwere ndi buku ndikupatse. Koma usayerekeze kugula makapusozi a pamsika, chifukwa ulibe kachilombo koti aphe. Ndipo tsiku limene udzaone magazi m'chimbudzi, kapena thupi kutentha, kapena kuyamba kuwonda osadziwa chifukwa, usadzati ndi zomwe zija. Udzathamangire kuno."

Analowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatuluka ndi kalata yopinda.

"Iyi ndi ya kusukulu. Ndalemba dzina la matenda, ndi kuti uziloledwa kutuluka. Mawa m'mawa udutsire kuchipatala ndikaidinde."

"Kuti sukulu yonse idziwe za chimbudzi changa? Bola anene kuti ndili ndi mimba."

"Kalatayo ndi yako. Ukhoza kuing'amba, ine sindikapita kusukulu kuseri kwako. Koma akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukadikira kuti a Dickson alote kuti umadwala, udzadikira mpaka mayeso a boma atadutsa."

Millicent anaiponya m'chikwama osaiwerenga. Sanathokoze n'komwe.

4. Pabwalo la mtedza

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi ake, a Esitele, anali pabwalo akuthothola mtedza umene anakumba sabata yapitayo. Abambo ake, a Timoteyo, sankathothola nawo. Anali ataima pakati pa bwalo, manja ali kumbuyo.

Nkhani inali itafika kale. Munthu wa kabaza anaimva kwa mwana wake, n'kuitula pagolosale ya m'mudzimo.

"Mwini wake ndani?" anafunsa a Timoteyo, Millicent asanatsamiritse n'komwe njinga.

"Mwini wa chiyani, Ababa?"

"Usandiyese chitsiru! Mudzi wonse ukudziwa, ine bambo wako ndiye womaliza kumva. Ndimathyoka msana kumunda kuti iwe uphunzire, kusukuluko n'kumakachita zimenezi?"

"Ndi matenda aja, Ababa. Anandigwira m'mayeso."

"Matenda ati? Kuboma anakuyeza chilichonse, sanapeze kanthu. Amayi akowa akhala akukuphikira ndiwo zapadera ngati mlendo, ine ndimangoyang'ana. Lero ndiye ndamvetsa."

Millicent anasiya njinga kuti igwe.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikubuula m'nyumba muno, inu mumati ndikusankha ndiwo. Zaka ziwiri! Lero munthu wa kabaza wangonena mawu amodzi pagolosale, mwakhulupirira nthawi yomweyo. Tiyeni mawa mukandiyezetse mimbayo. Koma akakapeza kuti mulibe mwana, mudzandiuza chiyani?"

"Iwe, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndipo kusukuluko musavutike kupita. Ndasiya. Aziseka okhaokha."

A Timoteyo anakweza dzanja, koma linaima m'malere. Analitsitsa, natenga chipewa, n'kutuluka pabwalo.

Amayi sanasiye kuthothola mtedza.

"Khala pansi apa. Tenga mtolo uwo."

Millicent anakhala, koma mtolowo sanaukhudze.

"Pali nkhani imene sindinakuuzepo," anatero a Esitele. "Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, ndipo anthu amati ndinasiya chifukwa cha umphawi. Si zoona. Tsiku lina ndili m'kalasi ndinayamba kusamba mosayembekezera, diresi n'kuthimbirira kumbuyo. Aphunzitsi anandiitana kubolodi. Anyamata anakuwa, atsikana anzanga n'kuseka nawo. Ndinathawa, osabwereranso. Agogo ako anandikalipira, aphunzitsi anabwera kawiri kudzanditenga, ine ndinakana. Ndinkati ndikuwakhaulitsa. Mwana wanga, amene anandiseka aja akanaseka masiku atatu, n'kupeza wina womuseka. Wina mwa iwo pano ndi mlangizi wa zaulimi, amabwera m'mudzi muno pa njinga yamoto. Ndinamukumbutsa tsiku lina, sakukumbukira n'komwe. Iye anaiwala, ine ndikuthotholabe mtedza. Munthu sawotcha nkhokwe yake chifukwa chokwiyira khoswe. Abambo akowa alakwa, ndipo ndilankhula nawo. Aphunzitsi akowo alakwa. Koma nawenso unabisa buku lija ngati munalembedwa zakuba. Anthu akaona utsi osauzidwa chimene chikupsa, amapeka okha. Ukasiya sukulu mawa, aliyense adzati zinali zoona, ndipo palibe adzabwere kudzawerenga miyezi kuti aone ngati mwana wabadwa."

Millicent anatenga mtolo uja n'kuyamba kuthothola mwaukali, mtedza ukudumphira kunja kwa dengu.

Atamaliza mtolo wachitatu anaimirira, nalowa m'nyumba. Amayi anamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi.

5. Buku pa tebulo

M'mawa mwake anamwa phala theka la kapu, n'kudya nthochi imodzi. Ananyamuka atatu, pa njinga ziwiri. Anadutsira kuchipatala, Anesi anadinda kalata ija n'kumupatsa mapiritsi. Kenako Millicent anawauza kuti akufuna amuyeze mimba, abambo ake akudikira panja. Zotsatira zake Anesi anazilemba m'buku momwemo.

Mu ofesi munali Madamu Stella ndi a Dickson. Madamu anayamba kulonjera makolo, koma Millicent sanadikire kuti amalize. Anaika buku ndi kalata pa tebulo.

"Madamu, dzulo ndinakuyankhani mwano, ndipo ndinang'amba bulauzi ya Sheila. Zimenezo ndalakwa. Koma mimba ndilibe. Zalembedwa pa tsamba lomaliza, andiyeza m'mawa uno. Chimene ndili nacho ndi matenda a m'matumbo. Akadzuka, mimba imafufuma ndipo chimbudzi sichidikira. Amakula ndikakhala ndi mantha. Ndinabisa chifukwa ndinkachita manyazi."



Madamu Stella anawerenga kalatayo, kenako buku, tsamba ndi tsamba. Anapatsira a Dickson. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Mwana wanga, ndinakuweruza ndisanakufunse bwino. Undikhululukire."

A Dickson anatsokomola.

"Lamulo ndi lamulo. Ine sindinkadziwa."

"Simunafunse, Sala," anatero Millicent.

Amayi ake anamutsina pantchafu. Koma Madamu sanamudzudzule.

"Kuyambira lero uzikhala desiki ya pafupi ndi chitseko. Ukafuna kutuluka m'mayeso, mphunzitsi wamkazi azikuperekeza, n'kubwerera kudzapitiriza. Za mayeso a boma tilembera akuluakulu nthawi ikadalipo. Bayoloje ulemba pepala lina Loweruka lino, 8 koloko, ndipo ndidzayang'anira ndine. Ukaphonya Loweruka, palibenso mwayi wina, chifukwa Lolemba timatumiza malikisi. Bulauzi ya Sheila usoke. Tsopano anzako m'kalasi ndiwauze chiyani?"

"Ndinena ndekha."

Analowa m'kalasi mayeso a Chingerezi atatsala pang'ono kuyamba. Phokoso linazima. Anaima kutsogolo, manja atawafumbata.

"Ndilibe mimba. Ndimadwala m'matumbo, ndipo nthawi zina ndimayenera kuthamangira kuchimbudzi. Amene akufuna kuseka aseke pano, ndili pompano, osati kumbali."

Wina kumbuyo anayamba kakuseka, koma anapezeka ali yekha, n'kukasandutsa chifuwa. Sheila ankayang'ana pa desiki.

Pakati pa mayeso mimba inadzukadi. Millicent anapuma monga anamuuzira Anesi, koma sizinakwanire. Anakweza dzanja kamodzi. Anatuluka, anabwerera, n'kumaliza chimangirizo chake nthawi isanathe.

Potuluka masana anadabwa kuona abambo ake atakhala pamwala kunja kwa geti. Amayi anali atabwerera kale kumudzi, koma iwo anadikira maola onsewo padzuwa.

Anayenda limodzi akukankha njinga. Anadutsa siteji, nadutsa chigayo.

"Ndinakulakwira, mwana wanga," anatero a Timoteyo pomaliza, akuyang'ana kutsogolo. "Ndaona mmene unatulukira m'kalasi muja, utagwira pamimba. Munthu sanamizira chonchija."

Millicent anawayang'ana.

"Zikomo, Ababa."

"N'chifukwa chake ndakhala ndikuganiza pamwala paja. Mwana wanga ndiye woyamba m'kalasi, ndipo matendawa amadzuka nthawi ya mayeso. Zimenezi si zapachabe. Pali munthu. Ndaimbira foni amalume ako a ku Zambia. Akuti kwawoko kuli munthu wina amene amaziona zoterezi, ndipo amutsimikizira kale kuti tikubwera."

Millicent anaima.

"Ababa, Anesi anena kuti..."

"Anesi anena okha kuti alibe mankhwala ochiza. Ine mwana wanga sindingamusiye azivutika moyo wake wonse. Tiwoloka malire m'mamawa."

"Liti?"

"Loweruka. Munthuyo amaona anthu Loweruka lokha."

"Loweruka ndikulemba Bayoloje! Munali momwemo mu ofesi, munamva!"

A Timoteyo anakwera njinga yawo.

"Pepala ndi moyo, chachikulu n'chiti? Ndanena ndanena."

Anapalasa n'kumusiya ataima pakati pa njira, manja atagwira mahandulo mpaka zala kuchita dzanzi. Pansi pa lamba wa siketi, matumbo anayamba kupotokola.